Chikuku Chimafala Zidzolo Zisanatuluke

Zikomo amayi, abambo ndi agogo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambirife timadziwa kuti mwana wadwala chikuku zidzolo zikatuluka. Koma pofika pamenepo amakhala atatha kale masiku pafupifupi 4 akupatsira anzake. Masiku amenewo amangooneka ngati wagwidwa chimfine: thupi kutentha kwambiri, chifuwa, mamina, maso ofiira olengeza misozi. Mukamuyasamitsa, nthawi zina mumaona timadontho toyera mkati mwa masaya. Kenako zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, n'kumatsika mpaka kumapazi.

Kachilombo kake kamayenda mumpweya. Wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kamatsala momwemo mpaka maola 2. Pa anthu 10 opanda chitetezo amene ayandikana naye, 9 amatenga matendawa. Ndiye zonena kuti "wanga ndidzamutsekera m'nyumba mliri ukamveka," amayi, pamenepo mwachedwa kale.

Zidzolozo si zimene zimapha. Chimapha ndi chibayo, kutsegula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi, kapena kutupa kwa ubongo. Ena amachira, koma maso kapena makutu atawonongeka. Mankhwala opha kachilomboka kulibe. Kuchipatala amangothandiza thupi kulimbana nako, ndipo amapereka vitamini A woteteza maso. N'chifukwa chake mwana wodwala musamusunge kunyumba, makamaka akamapuma mobanika kapena akamakana kuyamwa.

Katemera wa chikuku anayamba mu 1963. Asanafalikire, chikuku chinkapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni chaka chilichonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 anafa ndi anthu pafupifupi 107,500, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5 amene sanabayitse kapena sanamalize katemera.

Kumalizako ndiye pamene timapunthwa. Jakisoni ndi awiri. Kumene chikuku chili chofala, woyamba amabaya mwana ali ndi miyezi 9, wachiwiri pakati pa miyezi 15 ndi 18. Wachiwiriyu timamuiwala chifukwa mwana wayamba kuyenda, akuoneka wojintcha. Komatu pali ana ena amene woyambayo sawagwira mokwanira.

Agogo apa akufunsa za kutentha thupi akabayidwa. Inde, zimachitika kwa ena, pena ndi tizidzolo pang'ono, koma zimatha pa masiku ochepa.

Mukafika kunyumba, tsegulani khadi la mwana aliyense. Ngati mzere wa chikuku uli wosalembedwa, pitani nalo kuchipatala ngakhale miyeziyo inapitirira. Amubayabe.