Kodi 1.5 ya pa Sienta yanu imatanthauza chiyani?

(Kamera ikuonetsa Sienta boneti ili yotsegula, pa galaja ina ku Kasungu)

Moni nonse abale anga. Sabata yatha kunabwera bambo wina pano atanyamula oyilo wokwana lita imodzi ndi theka. Akuti, "Amisiri, galimoto yangayi ndi 1.5, ndiye oyilo wake ndi ameneyu." Mtima unandiwawa, chifukwa akanakhetsa wakale n'kuthira ameneyu okha kunyumba, injini ikanatha kugogoda asanafike ndi pa Chinkhoma pomwe.

Tiyeni timvetsetsane. Nambala imeneyi sikunena za oyilo, komanso sikunena za petulo. Ikunena kukula kwa malo amene mapisitoni amayendamo m'masilinda onse pamodzi. Lita imodzi ndi 1000 cc, ndiye 1.5 ndi pafupifupi 1500 cc. Injini muli kuionayi ndi 1NZ ya Toyota, kukula kwake kwenikweni ndi 1496 cc, masilinda ake ndi anayi. Gawani ndi 4, mupeza 374 cc pa silinda iliyonse.

(Akukweza botolo la Fanta)

Botolo ili ndi la 300 ml, ndipo ml ndi cc n'chimodzimodzi. Silinda imodzi imaposa botololi pang'ono chabe. Njinga yamoto ya kabaza ya 125 cc sifika ndi theka la botololi. Koma oyilo amene injini iyi imafuna ndi pafupifupi malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Mukathira, dikirani pang'ono galimoto ili pamalo athyathyathya, solorani kandodo koyezera aka, pukutani, bwezeraninso, kenako soloraninso muone ngati oyilo ali pakati pa timadontho tiwiri iti.

Ena mumafunsa kuti, "Nanga imamwa bwanji?" Izi musamangomvera kwa wogulitsa. Dzazani thanki, fufutani nambala ya ulendo pa dashibodi ibwerere pa ziro, pitani ku Lilongwe pa M1 n'kubwerako, mudzazenso. Tinene kuti mwayenda makilomita 255 ndipo mwalowa malita 17. Gawani 255 ndi 17, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 15. Mukasenzetsa matumba a mtedza, nambalayo itsika, musadabwe.

Pali china chimene chimapusitsa anthu. Galimoto zochokera ku Japan zimawerenga makilomita, koma zochokera ku UK zimawerenga mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Muvi ukaloza 50 pa galimoto ya ku UK, mukuthamanga makilomita 80 pa ola, ndipo apolisi apamsewu sangakumvereni zoti simumadziwa.

Za matayala mwachidule: mpweya wa m'matayala timauyeza mu bar kapena psi, ndipo bar imodzi ndi psi 14.5, choncho 2.2 bar ndi psi 32. Nambala yoyenera galimoto yanu yalembedwa pa kapepala kali pa chimango cha chitseko cha dalaivala. Bweretsa kamera pafupi, mphwanga, aone. Si aka apa.