Chidendene chobaya m'mawa: nsapato zoyenera ndi zimene mungachite kunyumba

Mukadzuka m'mawa n'kuponda pansi, chidendene chimabaya mpaka kuyenda motsimphina. Mukayendayenda ululu umachepa, koma mukakhala nthawi yaitali mu kombi n'kutsika, wabwereranso. Ngati ndi zimene zikukuchitikirani, nthawi zambiri limakhala vuto lotchedwa plantar fasciitis.



Kunsi kwa phazi kuli mnofu wolimba, wopyapyala, wochokera pa fupa la chidendene kukafika m'tsinde mwa zala. Phazi lili ngati uta, mnofuwu ndiye nsinga yake. Ukalemedwa mopitirira umayamba kuwonongeka pamene wagwira fupa. Usiku phazi limagona lolozera pansi, mnofuwo n'kufupika, ndiye mukaponda m'mawa mumaukoka mwadzidzidzi. Vutoli limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, onenepa, ndi amene amaima tsiku lonse pa simenti: amayi ogulitsa pa msika wa Mbare Musika ku Harare, alonda, anamwino, aphunzitsi. Akatumba a kumbuyo kwa msongolo akamangika nawonso amaukoka mnofuwu.

Tiyambe ndi nsapato, chifukwa apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Patapata ndi nsapato zaphwatalala zopyapyala zisiyeni kaye, ngakhale m'nyumba. Kuyenda opanda nsapato pa simenti kapena pa matailosi kumabweza m'mbuyo zonse zimene mwachita. Ikani nsapato pafupi ndi bedi kuti phazi lilowe m'menemo lisanakhudze pansi.



Pogula, kaya ndi m'sitolo ya Bata kaya pa kaunjika ku Mupedzanhamo, iyeseni ndi manja. Finyani kumbuyo kumene kumagwira chidendene: kukhale kolimba, kosaphwanyika. Kenako ipindeni. Iyenera kupindika kutsogolo kokha, pamene zala zimapindikira. Ikapindika pakati, ibwezeni. Ipotokoleninso, ndipo yabwino imakana. Kuchidendene kukwere pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri kuposa kutsogolo, chifukwa zimenezi zimachepetsa kukokeka. Ya pa kaunjika itembenuzeni muone soli. Ngati inadyeka mbali imodzi, inazolowera kale kayendedwe ka munthu wina ndipo idzapendeketsa phazi lanu. Pitani kukagula madzulo, mapazi atatupako, mutavala masokosi amene mumavala kuntchito.

Amene ntchito imawakakamiza kuvala mabuti olimba agule tiziponderapo tofewa ta silicone toika pansi pa chidendene, timapezeka m'mafamase. Ikani m'nsapato zonse ziwiri, ngakhale likupweteka ndi phazi limodzi, kuti musamayende mopendekeka.

Nsapato yokha sikwanira. Musanatsike pa bedi, sanjikani mwendo wopwetekawo pa bondo la unzake, gwirani zala n'kuzikokera chakumsongolo mpaka mumve kunsi kwa phazi kwakungika. Gwirani masekondi 10, bwerezani ka 10, ndipo chitani zimenezi katatu pa tsiku. Pa akatumba, tsamirani khoma ndi manja, mwendo wopweteka kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chisanyamuke pansi. Masekondi 30, katatu.

Ululu ukayamba kuchepa, limbitsani phazi. Imani pa sitepe ndi kutsogolo kwa phazi, thaulo lopinda lili pansi pa zala. Kwerani masekondi 3, imani pamwamba masekondi 2, tsikani masekondi 3. Ka 12, maulendo atatu, modumphitsa tsiku. Yambani ndi miyendo yonse iwiri. Mukaona kuti m'mawa mwake ululu wakula, chepetsani.

Madzulo gubuduzani phazi pa botolo la madzi oundana kwa mphindi 10 mpaka 15, mutavala sokosi. Magetsi akakhala kuti anazima ndipo firiji sinaumitse, botolo lopanda ayezi kapena mpira wa tenesi zimathandizabe kufewetsa. Madzi ofunda amchere ndi mankhwala opaka amatonthoza kwa kanthawi, palibe choipa, koma salimbitsa mnofu. Chimene tikukupemphani ndi mtima wonse: musateme mphini pa chidendene. Mulibe magazi oipa ofunika kutuluka, ndipo bala la kunsi kwa phazi limachedwa kupola. Kwa odwala shuga ndi zoopsa kwambiri, ndipo iwowa asagwiritsenso ayezi kapena madzi otentha ngati mapazi amachita dzanzi.

Ibuprofen amachepetsa ululu kwa masiku ochepa, mutadya kaye, koma si wa anthu a zilonda zam'mimba kapena vuto la impso. Jekeseni ya mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid imathandiza kwa masabata angapo, koma yobwerezabwereza ikhoza kudula mnofuwo. X-ray ikaonetsa kafupa kosongoka pa chidendene musachite mantha, anthu ambiri ali nako ndipo samva kanthu.

Kuchira kumatenga miyezi, osati masiku. Anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amapeza bwino m'miyezi 10 ndi njira zosavutazi. Koma pitani ku kiliniki msanga ngati phazi latupa, likutentha kapena kuchita dzanzi, ngati ululu ukukudzutsani usiku, kapena munamva china chikuduka ndipo simukutha kuponda. Pakatha masabata 6 osasintha, pemphani kalata yokaonana ndi a physiotherapy (akatswiri olimbitsa ziwalo) ku chipatala cha Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital ku Harare, ndipo mutenge nsapato zimene mumavala tsiku lililonse kuti akaone mmene zinadyekera.