Dothi la m'mbali mwa Lingadzi

Zikomo amfumu, a komiti ya chitukuko, amayi ndi abambo nonse. Mwandiitana kuti tikambe za dothi lomwe nyumba zathu zakhalapo kuno ku Mtandire, ndiye ndiyambira pansi penipeni.

Pansi pa Lilongwe yense pali thanthwe lakalekale, la zaka zoposa 500 miliyoni, lomwe akatswiri a miyala amalitcha gneiss. Sitiliona kawirikawiri chifukwa mvula ndi kutentha zinalifumbutsa mpaka pamwamba pake panasanduka dothi lakuya ndithu. Pomwe linakana kufumbutuka ndi pomwe patsala mapiri ngati Bunda ndi Ngala. Madzi a m'mijigo yambiri amachokera m'mwala wofumbutukawo, pakati pa dothi ndi thanthwe lolimba.

Kumtunda kuli katondo. Kufiira kwakeko ndi dzimbiri la chitsulo chomwe chinali m'mwala uja. Madzi amalowa bwino, ndipo maziko akakhala pamenepo sasuntha. Malo ena mumapeza lubwe, timiyala tija amathira m'misewu. Limavuta kukumba, koma kumangapo ndiye kwabwino. Pa ziwirizi sinditaya nthawi.

Nkhani ili potsikira ku mtsinje. Mukangoona dothi layamba kuda, dziwani kuti mwalowa m'dambo, ndipo nthawi zambiri amenewo ndi makande. Makande akamwa madzi amatupa, akauma amanyala n'kung'ambika. Ndiye kuti chaka chilichonse pansi pa nyumba pamakwera nthawi ya dzinja, n'kutsikanso m'chilimwe. Njerwa sipindika, imangosweka. Mng'alu wopingasa uja, woyambira pakona ya zenera kapena ya chitseko, kawirikawiri umabwera motero. Timathamangira kunena kuti mmisiri anaba simenti, ena mpaka kuloza chala mnansi. Mwina simenti anabadi, koma ngakhale akanathira matumba onse, khomalo likanang'alukabe.

Choipa cha makande n'chakuti mu Okutobala amaoneka ouma gwa, ndipo ogulitsa malo amaikonda miyezi imeneyo. Musanapereke ndalama, yang'anani ming'alu pansi, mauna a nkhanu, ndi bango. Koma koposa zonse, kaoneni malowo mu Febuluwale.

Pagombe penipeni pali mchenga ndi matope zomwe mtsinje unasiya wokha. Mukamakumba n'kupeza mchenga, pansi pake matope, kenako mchenganso, mzere uliwonse ndi umboni wa madzi osefukira omwe anafika pamenepo. Ambiri muno mukukumbukira Febuluwale wa 2017, pomwe Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba. Sanasochere ayi, anadutsa momwe anadutsamo kale. Ndikudziwa kuti mabanja ena akudya chifukwa chokumba mchenga ndi kuumba njerwa, ndipo sindikuwanyoza. Koma mchenga ukachotsedwa m'tsinde mwa gombe, gombelo limagumuka, ndipo mtsinje umayandikira nyumba ya munthu yemwe sanagulitseko ngakhale wilibala imodzi.

Mayi kumbuyoko afunsa za zimbudzi. Funso labwino. M'dambo, nthawi ya mvula madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba, ndiye dzenje la chimbudzi ndi chitsime chosazama zimakhala zikumwa madzi amodzi. Mumchenga zonyansa zimayenda msanga kuposa mukatondo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sunaiwalike muno mu Lilongwe. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime ndiponso patali, dzenje lake lisafike pamadzi, ndipo m'makande kapena mumchenga liwakidwe ndi njerwa kuti lisagwe. Madzi a pachitsime chotere thiranimo kolorini kapena awiritseni.

Kuyesa dothi sikulira makina. Kumbani dzenje lofika m'chiuno, mutape dothi la pansi, mulinyowetse, mulipote m'manja ngati chingwe. Likakana kugwirana, ndi mchenga. Likapoteka koma n'kuduka mukamalipinda, lili pakati, ndi labwino. Likapindika mpaka nsonga kukumana osaduka, uku likumata zala, ndi dongo lambiri. Pamenepo maziko azame kudutsa dothi lakudalo, pansi muthire lubwe n'kulitsendera, muike zitsulo m'maziko ndi pamwamba pa mazenera, ndipo madzi a padenga muwalambulire ngalande kuti asamaime m'tsinde mwa khoma.

Amfumu, ngati mungalole, tikatha pano titsikire limodzi ku mtsinje ndi makasu awiri, tikakumbe kumtunda, m'dambo ndi pagombe, aliyense akagwire dothilo ndi manja ake.