Makalata a omvera: msonkho wa ku America, fomu imodzi kapena aliyense yake?

Takulandirani omvera. Kalata yoyamba yachokera ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti:

"Achimwene, ine ndimasamalira okalamba, bambo a kunyumba amayendetsa thiraki yawoyawo. Ana tili nawo awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 9. Bambowa ali ndi ngongole yakale ya msonkho, komanso ndalama zina amalandira pamanja osazilemba. Akuti tisayine fomu imodzi poti ndiye yopindulitsa. Mtima wanga ukukana. Nditani?"

Mayi, zakupindulitsazo bambo sakunama. Koma phindulo silili pamene ambiri amaganiza. Ndalama yosadulidwa msonkho ija, standard deduction, mu 2024 inali madola 29,200 kwa olemba limodzi ndi 14,600 kwa wolemba payekha, ndiye mukaphatikiza n'chimodzimodzi. Ndalama yochotsera msonkho pa mwana aliyense wosakwana zaka 17, yomwe mu 2024 inali madola 2,000, sithawanso, kungoti mwana mmodzi salembedwa pa mafomu awiri. Chimene mumataya mukapatukana pa fomu pomwe mukukhala nyumba imodzi ndi Earned Income Tax Credit, ndalama yothandizira ogwira ntchito opeza zochepa, ndiponso chithandizo cha ndalama zimene mumalipira kosungitsa wamng'onoyo mukamapita ku shifiti.

Tsopano za siginecha. Mukasayina limodzi Form 1040, fomu ya msonkho ya chaka ndi chaka, a IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, angathe kufuna ndalama yonse kwa inu nokha, chiwongoladzanja ndi chindapusa chomwe, ngakhale banja litatha. Sagawa pakati kuti iyi ya bambo, iyi ya mayi.

Ngongole yakaleyo sindikuiopa kwambiri. Ngati ndi ya bambo okha, ya chaka chimene simunasayine nawo, pali Form 8379 yoteteza gawo lanu la refund, ndalama imene a IRS amabweza, kuti lisalandidwe. Zondidetsa nkhawa ndi za pamanjazo. Form 8857 imapepuza munthu amene sankadziwa kuti mnzake akubisa ndalama, koma inu mukudziwa, mwatilembera nokha. Ine ndinene mosapsatira: bambo akakana kulemba zonse, lembani yanu yanu chaka chino. Akadzakonza zinthu, muli ndi zaka 3 zosinthira n'kukhala olemba limodzi, pogwiritsa ntchito Form 1040-X. Koma mukayamba ndi fomu imodzi, pa 15 Epulo pakangodutsa simungaipatulenso. Nkhaniyi muikambe ndi bambo ana atagona, osati pamaso pa wolemba misonkho.

Ina yachokera ku Boston: "Akazi anga ndi ana atatu ali ku Lilongwe, fizi ndi lendi ndimatumiza ndine. Ndingawalembe onse?"

Bambo, ana ayi. Lamulo limafuna mwana wokhala ndi Social Security number, nambala yomudziwira ya boma la America, amene mwakhala naye kupitirira theka la chaka, ndipo malisiti otumizira ndalama sasintha zimenezo. Mayi mungathe kulemba nawo limodzi: nonse awiri mumasayina kalata yovomera kuti awerengedwe ngati wokhala ku America, ndipo amapempha nambala ya ITIN, ya msonkho ya anthu opanda Social Security number, pa Form W-7. Kungoti mukatero, malipiro awo a ku Lilongwe, kaya phindu la geni yawo, nazonso zimalowa pa fomuyo. Werengetsani njira zonse ziwiri musanasankhe.

Timve kaye nyimbo, kenako tipita ku kalata ya ku Leeds.