Kuwerenga fayilo yaikulu pa kompyuta ya RAM yochepa

Amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwachokera ku Luwinga, ku Chibavi ndi ku Katoto mutanyamula malaputopu anu, funso lathu lero ndi ili: kodi kompyuta ya RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito pa nthawiyo) ya 4 GB ingagwire bwanji ntchito pa fayilo ya 8 GB, monga kanema wa ukwati wosadulidwa, popanda kuima?

Fayilo yotereyi imatchedwa ya binary, chifukwa mulibe mizere ya mawu, muli mabaiti okhaokha, ndipo baiti iliyonse ndi nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 255. Amene angoyamba kumene amalamula pulogalamu kuti ilowetse fayilo yonse mu RAM isanayambe ntchito, ndipo malo akatha makina amangoti njii. Koma kuchigayo, ngakhale mubwere ndi matumba khumi a chimanga, woyendetsa makina amathira ndowa imodzi, ufa n'kutuluka, kenako n'kuthiranso ina. Pulogalamu yabwino imawerenganso fayilo chidutswa chimodzi pa nthawi, kotero kuti malo amene ikudya amatengera kukula kwa chidutswacho, osati kwa fayilo.

Functional programming, njira yolembera mapulogalamu polumikiza tizigawo totchedwa function, imathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa function imangolandira zinthu n'kubweza yankho, osasintha kalikonse kunja kwake. Tiyerekeze kuti tikuwerengetsa mabaiti. Timayamba ndi 0, function imalandira nambalayo pamodzi ndi chidutswa choyamba n'kubweza nambala yatsopano, ndipo chidutswacho chimatayidwa chifukwa palibenso wochifuna. Kachitidwe kameneka ndiko fold. Mu Haskell, chinenero cha functional programming chimene lipoti lake loyamba linatuluka mu 1990, laibulale (zida zolembedwa kale zothandiza pulogalamu) ya bytestring imawerenga pafupifupi 32 KB pa nthawi, ndiye fayilo yathu ija imadutsa m'zidutswa zoposa 260,000. SHA-256, imene timatsimikizira nayo kuti fayilo yafika yosawonongeka, imayenda chimodzimodzi: imameza mabaiti 64 pa nthawi n'kumasunga mabaiti 32 okha a pamene yafika.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Haskell siwerengetsa chinthu mpaka chitafunika. Mukagwiritsa ntchito fold yaulesi, pulogalamu siphatikiza nambala nthawi yomweyo, koma imasunga lonjezo lakuti idzaphatikiza, ndipo lonjezo lililonse limagwirabe chidutswa chake osachitaya. Malonjezowo, otchedwa thunk, amaunjikana mpaka RAM itadzaza, ngakhale kuti pulogalamu ikuoneka yolondola mukaiwerenga. Mankhwala ake ndi foldl', ija ya kachizindikiro kumapeto, imene imaphatikiza pomwepo. RAM imadzazanso mukafuna avereji n'kuyenda m'fayilo kawiri, koyamba kuphatikiza, kachiwiri kuwerenga kuchuluka kwake, pakuti pulogalamu imasunga zonse podikira ulendo wachiwiri. Nyamulani nambala ziwirizo pamodzi pa ulendo umodzi.

Palinso nkhani ya m'malire. Nambala ya mabaiti 4 ikhoza kudukira pakati, awiri n'kutsala kumapeto kwa chidutswa chino, awiri enawo n'kubwera ndi chotsatira, choncho otsalawo ayenera kusungidwa kuti alumikizidwe. Mavuto ngati awa, komanso a fayilo yotsekedwa isanawerengedwe yonse, ndi amene anachititsa kuti akatswiri apange zida zapadera. Oleg Kiselyov anafalitsa njira yowerengera fayilo pang'onopang'ono yotchedwa iteratee, ndipo pambuyo pake Michael Snoyman analemba laibulale ya conduit, imene imasunga mabaiti otsala ndiponso imatseka fayilo pa nthawi yake. Ine ndimalangiza ophunzira kuyamba ndi fold yolemba okha asanakhudze conduit, kuti adziwe ntchito imene laibulaleyo ikuwachitira.

Tikagawana m'magulu, gulu lililonse lilembe pulogalamu yowerengetsa mabaiti, liipange ndi GHC (pulogalamu yomasulira Haskell kuti kompyuta iiyendetse), kenako liiyendetse ndi +RTS -s (lamulo loonetsa malo amene pulogalamu yadya) pa fayilo ya 100 MB ndi pa ina ya 1 GB. Muyang'ane mzere wa maximum residency, umene umaonetsa malo ochuluka kwambiri amene pulogalamu inagwira mu RAM. Nambalayo ikakula limodzi ndi fayilo, ndiye kuti penapake pakusungidwa zidutswa, ndipo tikhala pansi kufufuza pamodzi.