Madzi a kumpopi akayamba kuwotcha

Zikomo apampando. Amayi ndi abambo, ndapatsidwa mphindi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani. Ine ntchito yanga kuno ku England ndi yokonza mapaipi ndi maboila, ndipo chisanu chikayamba foni yanga siipuma. Ambiri mumandiimbira madzi akasiya kutentha. Koma akamatentha mopitirira simuimba, mumangoseka n'kumati, "Boila yathuyi ndi yamphamvu."

Kwathu madzi osamba timatereka pamafuwa, timawaona akuwira, timathira m'ndowa, n'kumasukuluza ndi ozizira dzanja lili momwemo. Mwana amakula akudziwa kuti mphika wapamoto sayandikira. Kuno mpopi wa madzi owotcha ndi wa ozizira aima limodzi ngati mapasa, ndipo mwana wa zaka ziwiri akhoza kutsegula yekha. Madzi a madigiri 60 amawaula khungu la munthu wamkulu mpaka mkati m'masekondi pafupifupi 5. Khanda, poti khungu lake ndi lopyapyala, sekondi imodzi kapena ziwiri yakwana. Pa madigiri 50 pamatenga mphindi zingapo, munthu amakhala ndi mpata wochotsa dzanja. Agogo nawonso, makamaka odwala shuga amene mapazi awo samva msanga, ali pangozi yomweyo.

Chaka chatha ndinapita kunyumba ina kukakonza sinki yodontha. Nditatsegula mpopi, nthunzi inati tolo, galasi lonse la kubafa kuchita mbuu. Ndinatunga m'kapu n'kuviikamo thermometer: 72. Mayi wa panyumbapo akuti, "Achimwene, musawasinthe, amatsuka bwino mafuta m'mapoto." Pomwepo kamwana kakukwawa pakhomo la bafa.

Ndiye mukafika kunyumba, yambani mwadziwa kuti muli ndi boila yamtundu wanji. Ngati mulibe thanki, madzi amatentha pokhapokha mwatsegula mpopi, imeneyo ndi combi. Kutsogolo kwake kuli zopotokola ziwiri kapena mabatani: china chili ndi chithunzi cha rediyeta, china chithunzi cha mpopi. Anthu ambiri amapotokola cha rediyeta n'kumadabwa kuti nyumba yazizira koma madzi akuwotchabe. Gwirani cha mpopi, muike pa 50 kapena kutsikirako pang'ono. Basi, nkhani ya combi yathera pomwepo.

Povuta ndi pa inu amene muli ndi thanki, chija chimakhala m'kabati yofunda momwe mumayanikamo matawulo, chofanana ndi giza ya kwathu. Apa musathamangire kutsitsa. M'madzi ongokhala muli kachilombo kotchedwa Legionella, kamene kamaswana kwambiri pakati pa madigiri 20 ndi 45. Sikalowa pomwa ayi, kamalowa m'mapapo mukapuma timadontho ta m'shawa, n'kuyambitsa chibayo choopsa. Dzinalo linachokera ku Philadelphia, ku America, kumene mu 1976 anthu ambiri anadwala ena n'kumwalira atachita msonkhano wa American Legion, bungwe la asilikali akale, pahotela ina. N'chifukwa chake thanki iyenera kukhala pa 60. Mwaona vuto lake? Kutentha kumene kukupha kachilombo ndi komweko kukuwaula mwana.

Pathanki pali kabokosi komangiriridwa m'mbali chakumunsi, kali ndi manambala. Ameneyo ndi thermostat. Aloze pa 60, osati 70 kapena 80. Nthawi zina lamba wake amamasuka, kabokosiko n'kusiya kukhudza thanki, ndiye kamangouza boila kuti madzi sanatenthe, boila n'kumangoyaka. Ndiponso thanki zambiri zili ndi chotenthetsera chamagetsi, immersion, chokhala ndi switch yakeyake pakhoma. Wina anayatsa tsiku lomwe boila inafa, n'kuiwala miyezi. Kayang'aneni, mwina n'chimenenso chikukudyerani ndalama za magetsi.

Nanga madzi a 60 aja atuluke bwanji osawotcha? Pali kavalavu kotchedwa TMV, kamene timaika pansi pa bafa kapena sinki. Kamasakaniza otentha ndi ozizira asanafike pampopi, monga momwe amayi athu amasukuluzira m'ndowa. Amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba mukukadziwa, chifukwa mumayeza madzi a m'bafa kuti asapose 44 musanamulowetse munthu, n'kulemba m'buku. Chondidabwitsa n'chakuti kuntchito mumayeza, kunyumba ana anu mumangowaponyamo. Kuyambira 2010, malamulo a zomangamanga kuno amati m'nyumba yatsopano madzi a m'bafa asapose 48. Koma ambirife timachita lendi nyumba zakale, ndiye musaganize kuti kavalavuko kalipo. Ndipo kumadera a madzi a laimu ngati London, kamagwira zoyerayera zija mumaziona m'ketulo, n'kusiya kugwira ntchito.

Posambitsa mwana, yambani kuthira ozizira, kenako otentha, mutsirizenso ndi ozizira kuti mpopi weniweniwo uzizire. Vundulani, muviike chigongono. Akhale ofunda ngati thupi, 37 kapena 38. Belu la pakhomo likalira, mwana mupite naye.

Bambo kumbuyoko mwafunsa ngati mungatsegule boila nokha. Ayi bambo. Zopotokola zakunja gwirani, koma chivundikiro ndi mkati ndi za munthu wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi, ndipo akabwera mufunseni khadi lake, musachite manyazi. Ngati mwatsitsa koma madzi sakusintha, sensa kapena thermostat yafa. Mukamva thanki ikubwata ngati mphika wa nyemba, mpopi ukulavula nthunzi, kapena mpopi wa ozizira ukutulutsa otentha, zimitsani boila ndi immersion nthawi yomweyo, muimbe foni. Ochita lendi, kukonza zotenthetsera madzi ndi udindo wa eni nyumba, lamulo la 1985 limatero. Alembereni uthenga, musangowauza pakamwa, ndipo mujambule thermometer ili m'kapu.

Ngozi ikachitika, malo opsawo muwaike pamadzi ozizira oyenda kwa mphindi 20 zathunthu. Osati ayezi. Colgate, dzira, uchi, mafuta ophikira, zonse zija tinakula nazo, zisiyeni. Zimangovutitsa anamwino potsuka bala. Vulani mphete ndi zovala zonyowa, koma chimene chamatirira pakhungu musakoke. Matuza musaboole. Phimbani ndi cling film, kapulasitiki kopyapyala kovindikirira chakudya kaja, mongoyala, osakulunga mothina. Akakhala mwana wamng'ono, kapena papsa pankhope, m'manja, kumaliseche, kapena malo aakulu, thamangani naye kuchipatala ku A&E, kolandirira angozi, kapena imbani 999, nambala ya ambulansi. Mukakayika, imbani 111, nambala yofunsira malangizo a zaumoyo.

Ndabweretsa ma thermometer atatu, ali patebulo pafupi ndi mandasi apo. Wobwereka alembe dzina. Mutsegule mpopi wa otentha kwa mphindi imodzi, mutunge m'kapu, muyeze, mudzandiuze nambala Lamlungu.