Mawu a m'mawa: Munga wa m'thupi ndi kalata ya ntchito

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Tiwerenge 2 Akorinto 12:7-10, kenako tibwerere m'mbuyo pa 2 Akorinto 1:3-4.

Ine ndayamba tsiku monga mwa masiku onse. Ndadzibaya chala, kadontho ka magazi ndakaika pa kapepala, makina oyezera shuga aonetsa 6.8. Ndathokoza. Chaka chino ndi cha 11 chiyambireni kukhala ndi matenda a shuga, ndipo nsonga za zala zanga zili ndi timadontho takuda ngati kuti ndimasoka popanda chotetezera.

Pathebulo pali kalata imene yakhala pamenepo masabata awiri. Bungwe lina lomwe limathandiza pa kiliniki ya shuga ndi BP pa chipatala cha kwathu kuno likufuna munthu woti azikhala pansi ndi anthu amene angouzidwa kumene kuti ali ndi shuga. Aziwaonetsa kabayidwe ka insulin, kasungidwe kake, kayang'anidwe ka mapazi madzulo aliwonse, ndi chifukwa chake mgaiwa uli wabwino kuposa ufa woyera koma mitanda isachuluke. Andisankha chifukwa nane ndimadwala. Malipiro ake aposa amene ndimalandira kushopu komwe ndimalemba mabuku a ndalama.

Nditanena ku mapemphero a pakati pa sabata, anthu anaomba m'manja. "Ameneyo ndi Mulungu, mlongo! Wasandutsa matenda kukhala mdalitso!" Ndinamwetulira, koma mtima wanga sunavine nawo.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Shuga alibe tchuthi. Umadzuka naye, umadya naye, usiku ukadzuka kukataya madzi kachitatu umayamba kuwerengera zomwe unadya. Kushopu kuja ndi malo okhawo kumene kwa maola angapo ndimakhala munthu wodziwa mtengo wa simenti ndi malata, palibe ondifunsa za magazi anga. Ndikavomera ntchitoyi, shuga adzakhala m'thupi mwanga, pa desiki yanga, ndi pakamwa panga kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndipo ndikudziwa amene amabwera pa benchi ija. Pamabwera bambo amene anadulidwa chala cha kuphazi chifukwa cha kachilonda ka chisonga komwe sanakamve kupweteka. Pamabwera mayi amene maso achita khungu, mdzukulu akuwagwira dzanja. Pamabwera wa impso zotopa. Panopa ndimawaona kamodzi pa miyezi ingapo, n'kubwerera kunyumba kukaiwala. Kuwaona tsiku ndi tsiku kuli ngati kuyang'ana pagalasi loonetsa mawa amene ndimapempha Mulungu kuti asandifikire.

Palinso china chochititsa manyazi kuchinena. Mwezi watha pa maliro, mwambo utatalika, ndinayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu, mawu a mlaliki akumveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Amene mumabaya insulin mukudziwa: shuga akatsika pansi pa 4 sipafunika kudikira, pafunika chotsekemera msanga. Ndinatuma mwana kukagula Fanta. Ndikumwa, mayi wina kumbuyo ananong'ona mokweza, "Si a shuga awa? N'chifukwa chake sachira." Ndinali munthu wamba tsiku limenelo ndipo zinandipweteka. Nanga ndikadzakhala mphunzitsi wa za shuga, wodziwika ndi boma lonse? Tsiku limene makina adzaonetse 14 chifukwa ndinadya mpunga pa ukwati, ndidzaima bwanji pamaso pa anthu?

Ndi mtima umenewu ndinapita kwa Paulo. Akuti anapatsidwa munga m'thupi, napempha Ambuye katatu kuti umuchoke, ndipo yankho linali lakuti, "Chisomo changa chikukwanira." Vesi imeneyi ndaimva kambirimbiri. Chomwe ndinali ndisanachione ndi ichi: Paulo sanatiuze n'komwe kuti mungawo unali chiyani. Anautchula, napitiriza ulendo. Pa Machitidwe 18:3 tikumupeza ku Korinto akusoka mahema ndi Akula ndi Priskila, ntchito yosakhudzana ndi munga uja ngakhale pang'ono. Ndiye kuti munthu angathe kunyamula munga wake mwakachetechete, n'kumagwira ntchito ina, chisomo chili pa iye chimodzimodzi.

Ambuye Yesu nawonso sanapereke lamulo limodzi kwa onse. Munthu uja wa kumanda amene anamutulutsa ziwanda, pa Marko 5:19, anamuuza kuti apite kwawo akauze abale ake zimene Ambuye anamuchitira. Koma wakhate wa pa Marko 1:44 anamuuza kuti asauze munthu aliyense, angopita kukadzionetsa kwa wansembe. Tsono amene amathamangira kutiuza kuti bala lililonse ndi maitanidwe, ndikuwapempha mwaulemu, adekhe. Ena mwa inu muli ndi HIV, ena khunyu, ena munataya mwana, ndipo anthu akukukankhirani kutsogolo kuti mukachitire umboni mtima usanapole. Kukana si kusakhulupirira.

Ndikadaima pomwepo, kalatayo ndikadaing'amba. Koma 2 Akorinto 1:4 sinandisiye. Ikunena za Mulungu amene amatitonthoza m'masautso athu kuti ifenso tithe kutonthoza ena ndi chitonthozo chomwecho. Nditawerenga ndinakumbuka tsiku loyamba limene anandipatsa insulin kuchipatala. Namwino anali ndi mzere wautali, anandionetsa jakisoni mwachangu, ine misozi ili m'maso, sindinamve kalikonse. Nditatuluka ndinakhala pa benchi nditagwira kabotolo ngati ndagwira njoka. Agogo ena aamuna anasendera pafupi. Anakweza malaya n'kundionetsa pamimba pawo. "Mwana wanga, usamabaye malo amodzi, pamatupa n'kuuma, mankhwala osalowa bwino. Lero apa, mawa apa." Anandifunsa ngati ndili ndi firiji. Nditati ayi, anaseka. "Nanenso ndilibe. Ika kabotolo m'kachitini, kachitini kakhale mumtsuko wa madzi, pamthunzi. Osaika padzuwa, osaika pafupi ndi mbaula." Sananditchulire vesi. Koma ndinakwera minibasi tsiku limenelo ndikudziwa kuti munthu angathe kukalamba ndi matenda amenewa. Dzina lawo sindinawafunse.

Kuli munthu wina amene anayenda njira imeneyi kale. Robert Lawrence anali dokotala wachinyamata ku London pamene anapezeka ndi shuga mu 1920. Nthawi imeneyo insulin kunalibe, ndipo wachinyamata akapezeka ndi matendawa ankangoyembekezera imfa. Anasamukira ku Florence, ku Italy, kuti akathere masiku ake kumeneko. Ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anayamba kafukufuku wawo mu 1921, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14 anakhala woyamba kubayidwa insulin. Mu 1923 mnzake wa ku chipatala cha King's College Hospital ku London anatumizira Lawrence uthenga woti abwerere msanga, mankhwala apezeka. Anabwerera atafooka, anabayidwa, anakhala ndi moyo. Moyo wake wotsalawo anauthera pothandiza odwala shuga, ndipo mu 1934 iye ndi wolemba mabuku H. G. Wells, amenenso anali ndi shuga, anayambitsa bungwe lomwe lero limatchedwa Diabetes UK. Anamwalira mu 1968. Ndimadzifunsa kuti ankamva bwanji m'mawa, akadzibaya yekha, kenako n'kupita kukaona mapazi a anthu ena.

Lamlungu ndinapita kwa amayi kumudzi. Ndinawafotokozera zonse, za Paulo, za agogo a pa benchi, za mayi wa pa maliro. Anamvetsera akutongola chimanga, osadzutsa mutu. Nditamaliza anangofunsa, "Nanga kumeneko uzidya nthawi yanji?"

Ndinaseka, koma m'njira ndinaona kuti funso lawo linali lauzimu kuposa manja onse aja. Eliya atagona pansi pa mtengo m'chipululu, atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanayambe ndi kumuuza za ntchito yotsatira. Pa 1 Mafumu 19 anamudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa, chifukwa ulendo unali wautali. Za ntchito anazimva pambuyo pake, ku Horebu. Ndipo pa Luka 14:28 Ambuye akuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Ine ndine wa mabuku a ndalama, kuwerengera ndiye ntchito yanga, koma pa nkhani ya moyo wanga ndinkafuna kulumpha ndi "Aleluya" yekha kapena ndi mantha okha.

Choncho Lachisanu ndikupita kukaonana ndi a bungwe lija. Sindikupita ndi inde, sindikupitanso ndi ayi. Ndikawafunsa ngati mzere ukadzatalika ndidzaloledwa kuima n'kudya nthawi ikakwana. Ndikawauza kuti chithunzi changa chisadzakhale pa chikwangwani asanandifunse. Ndikawauzanso poyera kuti manambala anga si abwino masiku onse, ndipo ngati akufuna munthu wosalakwitsa, andikhululukire. Akakavomera zimenezi, ndiyesa miyezi isanu ndi umodzi. Abwana a kushopu ati mpando wanga angathe kundisungira kwa kanthawi, Mulungu awadalitse.

Tipemphere. Atate, Inu mukudziwa munga wa aliyense amene akuwerenga m'mawa uno. Amene mukufuna alankhule, mutseguleni pakamwa. Amene mukufuna apume, mutetezeni kwa omukankha. Ine Lachisanu mukandipatse makutu akumva. M'dzina la Yesu, ameni.

Ndabaya kale, phala la mgaiwa lili pamoto, ndisachedwe nalo. Amene muli pa mapiritsi a shuga a metformin, mwadya musanamwe? Tsiku labwino nonse.